Ndudu Yotchaja ya Achiwiri kwa Ahedi

Nditatumizidwa kukaphunzitsa pasukulu ina ya mishoni kumtunda kwa Nchenachena, anandipatsa ntchito yolemba maminitsi a misonkhano ya aphunzitsi. Akuti ife a ku Ntcheu tili ndi dzanja labwino. Bodza lenileni, ena onse anali atakana. Maminitsi a kumeneko si masewera: amapita kwa abusa, akulu a mpingo nkuwawerenga mzere ndi mzere.

Pasukulupo panali soketi imodzi yokha ya sola, m'chipinda cha aphunzitsi, ndipo tinkatchajirapo mafoni mosinthana. Tsiku lina tinapezapo kachitsulo kakuda kotalika ngati chala. Wina anati ndi fulashi, wina anati tochi. Mnzathu amene anakhalako ku Joni ndiye anatimasula: ndi ndudu yamagetsi.

Mwini wake tonse tinamudziwa, koma palibe anatsegula pakamwa. Anali achiwiri kwa ahedi, bambo wachikulire wovala tayi ngakhale Loweruka, mkulu wa mpingo. Buleki iliyonse ankapita "kukaona dimba la sukulu", nkubwerako akutafuna masamba a bulugamu. Dimba limenelo linaonedwa, abale! Tinkawakonda, ndiye tinkangoti, "Dimba lili bwanji, adada?" Iwo nkuyankha m'Chitumbuka kuti lili bwino, "Makora chomene." Koma zikanamveka kwa akulu a mpingo anzawo kuti amasuta, mpando wawo wa kutsogolo m'tchalitchi ukanawachoka, ndipo bamboyo ankaukonda kuposa uphunzitsi.

Ahedi anaitanitsa msonkhano. Lamulo la pakhoma linkaletsa kusuta fodya pasukulu, tsono funso linali lakuti kachitsuloka ndi fodya kapena ayi. Aaa, aphunzitsi a mishoni akapeza funso! Wa sayansi anati chimatulukamo si utsi koma nthunzi, ndiye tikaletsa tiletsenso ketulo. Wa Baibulo anati thupi ndi kachisi, kaya mwalifukiza ndi machesi kaya ndi batire. Ola lathunthu, ine dzanja kuwawa, m'mimba mukulira. Mapeto ake ahedi anati pasankhidwe komiti yokayerekeza kachitsuloka ndi fodya weniweni, ndipo mukhale munthu woudziwa bwino fodya. Aliyense anayamba kuona zikhadabo zake.

Achiwiri aja anaimirira nkumanga batani la jekete. "Musavutike ndi komiti," anatero. "Kachitsuloko ndi kanga. Ndakhala ndikusuta kuyambira kukoleji, ndipo za kudimba ndimadziwa kuti mumazidziwa. Adokotala anati chifuwa chatopa. Mwana wanga wamkazi ndiye wanditumizira aka kuti ndisiye pang'onopang'ono. Anandilirira pafoni. Ndatha milungu itatu osayatsa ndudu." Anakhala pansi.

Ine manyazi anandigwira, mkwiyonso. Zaka zonse munthu akudzipha ife tinkangomwetulira, lero akufuna kudzipulumutsa ndiye tamuitanira msonkhano!

Lamulo linapangidwa msangamsanga, ndipo ahedi anati ndiwerenge zomwe ndalemba. Ndinawerenga kuti: "Aphunzitsi agwirizana kuti zipangizo zotulutsa nthunzi zisagwiritsidwe ntchito pamaso pa ana, ndipo zizitchajidwa zili mu envulopu." Ahedi anafunsa ngati ndi zokhazo. Ndinati ndi zokhazo, osaphethira. Woyamba kukweza dzanja lovomereza anali wa Baibulo uja. Ndinatuluka ndikudzimva ngati ndapulumutsa munthu pamadzi.

Mawa lake achiwiri anandipeza pakhonde. "Yewo chomene, amama, mwalemba mwachifundo. Koma dzulo ndinakadzinenera ndekha kwa abusa. Ndatopa kubisala." Bodza langa loyamba m'maminitsi, loliphika bwino chonchi, osagwira ntchito!

Akulu a mpingo anawatsitsa miyezi itatu. Lamulungu lotsatira ndinawaona atakhala okha pabenchi yakumapeto, ya ochedwa ija, tayi ili pakhosi, buku la nyimbo lili pabondo, osalitsegula. Mtima unandiwawa. Ndinanyamula chikwama changa nkukakhala pambali pawo. Nyimbo yoyamba isanathe, wa sayansi anabwera, kenaka wa Baibulo, kenaka ahedi enieniwo, mpaka benchi inadzaza.

Bamboyo sanatiyang'ane. Anangotsegula buku lija nkuyamba kuimba, mawu akusweka, kenaka anandinong'oneza kuti, "Amama, sunthani pang'ono, mwakhalira jekete langa."