Makalata Khumi ndi Awiri, Dzanja Limodzi

Linali Lolemba loyamba la mwezi wa Juni, nthawi ili 7 koloko m'mawa, pamene bwana watsopano anatisonkhanitsa pabwalo la fakitale yathu ya sopo. Anali mayi wamng'ono kwa ine, wolankhula mofatsa. Anati kuyambira tsiku limenelo wantchito ndiye woyamba, ndipo anatisonyeza bokosi lathabwa limene anakhomera pakhomo la kantini. Aliyense alembe chimene chikumuwawa, m'chinenero chilichonse, osaika dzina.

Ine ndinkagwira pa kontrakiti ya miyezi itatuitatu, ndipo inali kutha mwezi womwewo. Ndinatsimikiza mumtima kuti sindiponyamo kanthu.

Koma anzanga ankakhulupirira kuti kalata yopita kwa bwana imalembedwa m'Chingerezi basi, kupanda kutero ndi mwano. M'chipinda chathu chosakanizira mankhwala, wofika Fomu 4 ndinali ndekha, n'chifukwa chake ankanditcha aphunzitsi. Woyamba kundipeza anali mkulu wina wa ku Nsanje amene tinkayendera limodzi kuchokera ku Ndirande. Anandionetsa zikhatho zake zosupuka ndi mankhwala.

"Aphunzitsi, tandilemberani za magolovesi. Chizungu changa chimathera pageti."

"Lembani m'Chisena, madala. Anena kuti chilichonse."

"Kuti andigwire msanga? Msena wina muno ndani?"

Ndinamulembera. Kenaka kunabwera mayi wina wopakira sopo, wodandaula kuti kapitawo amakhoma chimbudzi mpaka 12 koloko. Ena anatsatira. Sindinathe kukana wachiwiri nditalola woyamba.

Patatha masabata atatu anandiitana ku ofesi. Bwana anali atayala mapepala patebulo, kapitawo ataima pambali pake. Kapitawoyo ankalidziwa bwino dzanja langa, chifukwa ndine ndinkamulembera malipoti a tsiku ndi tsiku.

"Bambo, makalata khumi ndi awiri, dzanja limodzi," anatero bwana. "Ine ndimafuna kumva anthu. Mwandipatsa munthu mmodzi."

Ndinafotokoza kuti ndinkangolembera anzanga. Anandifunsa maina awo. Ndinayang'ana kapitawo, ndipo sindinatchule dzina la aliyense.

Bwana sanali munthu woipa. Anati tipite tikawafunse okha. Tinalowa m'chipinda chathu, makina anazimitsidwa, bwana nafunsa mwaulemu kuti amene anandituma akweze dzanja, palibe chimuchitikire. Kapitawo anatsamira chitseko, manja m'thumba. Mkulu wa ku Nsanje uja anabisa zikhatho zake kumbuyo. Mayi wopakira sopo uja anawerama ngati akutola kanthu pansi. Palibe anakweza.

Sindinawade. Nanenso ndikanakhala iwo, sindikanakweza.

Madzulo bwana anandiuza kuti za kontrakiti yanga ziyambe zaima, ndikakhale kunyumba mpaka nkhaniyo aiunike bwino. Anandithokoza ndithu chifukwa cha ntchito yanga.

Pobwerera, mkulu uja anandipeza pamlatho. Tinayenda limodzi mtunda wautali.

"Aphunzitsi, ana anga mukuwadziwa," anatero pomaliza.

"Ndikuwadziwa, madala."

Kunyumba sindinaulule nkhaniyi. M'mawa mwake ndinadzuka nthawi yanga ya masiku onse, ndinasita shati, n'kutsanzika kwa mkazi wanga. Ndinakaima kunja kwa geti pamodzi ndi ofuna ganyu, kudikira galimoto ya bwana kuti mwina ndimufotokozerenso. Inafika, mlonda anatsekula geti, inalowa, ndipo anatsekanso.