Mawaya awiri a Lowell Brandvold

Lowell Brandvold anagwira ntchito ya magetsi ku doko la Duluth zaka makumi atatu, ndipo chibadwire sanagulepo chinthu chimene ankaganiza kuti angapange yekha. Munthu wabwino ndithu, koma nkhutukumve.

Mkazi wake Marlys atadwala mtima mpaka kulephera kutsika masitepe, mwana wawo Joanne anaimba foni. "Adadi, kaguleni kawailesi komvetsera makanda kaja. Amayi akaitana muzimva."

"Kugula? Ine ndili moyo?"

Anaitanitsa timakina tiwiri totchipa ta Bluetooth, totumizirana uthenga popanda waya, ndi timabolodi tiwiri ta Arduino toyendetsa timakinato. Batani likhala pambali pa bedi la Marlys, belu lizilira m'chipinda chapansi momwe iye ankagwirira ntchito. Akuti ntchito ya tsiku limodzi.

Panapita milungu itatu. Kuti kamakinako kamve malamulo, umadinikiza kabatani kake poyatsa mpaka kagetsi kaziphethira pang'onopang'ono. Anatero. Analemba lamulo loyesera lakuti AT pa kompyuta, kudikira kuti kavomere. Zii. Anasintha liwiro, anasintha batire, anatukwana. Zii.

Akakwera ndi supu, Marlys ankamuseka. "Injiniya uja wafika! Belu langa lili kuti?"

"Mawa."

"Mawa lako losafikalo. Takhala pansi, Lowell. Ukakhala pompano, belu n'lachiyani?"

"Kwatsala pang'ono, mayi iwe."

Ankamupsompsona pachipumi n'kutsikanso.

Lachinayi lina masana anakwera ndi khofi, n'kupeza Marlys ali pansi pakati pa bedi ndi chitseko, atazizira kale. Kaya anaitana kangati, palibe akudziwa. Chimene Lowell akudziwa n'chakuti chitseko chapansi anali atatseka kuti aganize bwino.

Patatha mwezi, akulongedza zipangizo zija kuti akataye, ndi pamene anaona cholakwa. Pakati pa kamakina ndi kabolodi, waya wotumiza uthenga anaulumikiza ku wotumiza unzake, wolandira ku wolandira, mwaudongo monga anazolowera amagetsi: chofanana ku chofanana. Chikhalirecho timakinati timafuna kupingasa, pakamwa pa kena paloze khutu la kanzake. Anasinthanitsa mawaya awiriwo, ndipo kamakina kanavomera pompo. Ngakhale mphindi imodzi sinakwane.

Mtima unamuwawa kuposa tsiku la maliro. Anaimbira Joanne.

"Zatheka, mwanawe."

"Chatheka n'chiyani, adadi?"

Lowell anagwira foni ndi manja onse awiri, maso ali pa kamakina kaja.