Agulugufe Akuda a ku Domwe

Sikola ndinaisiya nditalephera mayeso a ezame kawiri. Anzanga anapitiriza ku Ulongwe, ine ndinabwerera kwathu kufupi ndi Fonte Boa ndi telefoni yosweka galasi komanso mkwiyo wosowa poutula. Ondifunsa zimene ndikuchita ndinkawayankha kuti ndikupuma mpweya ngati iwo.

Dzinja limenelo miyendo ya amayi inatupa, analeka kupita kumunda. Tsiku lina anandipeza pakhonde ndikudinadina telefoni.

"Kachinthu kakoka kamajambula agulugufe?"

"Kamajambula chilichonse chimene chaima."

"Ndiye upite ku Domwe."

Nkhaniyo ndinkaidziwa mwapatalipatali, chifukwa kwathu sinkakambidwa. Nthawi ya nkhondo, ine ndisanabadwe, amayi ndi atate anathawira ku Malawi atabereka mwana wawo woyamba, wamkazi. Mwanayo anamwalira m'njira cha ku Domwe, malire ali pafupi. Anamuika pafupi ndi kasupe, m'nkhalango ya misuku, n'kupitiriza kuthawa. Atabwerako anafunafuna, osapapeza. Atate anamwalira akufunafunabe. Tsopano amayi anali atamva kuti nkhalango za kumeneko zikugwetsedwa kuti abzalemo mbatata ya kachewere.

"Chimene ndikukumbukira ndi agulugufe," anatero. "Akuda, akuluakulu, a mzere wobiriwira pamapiko. Anadzaza padothi limene tinakumba. Kuno sindinawaonepo."

"Amayi, agulugufe amatera paliponse pamene ng'ombe yakodza."

"Ndiye ukajambule pamene ng'ombe yakodzapo. Uli ndi ntchito ina?"

Ndinalibe.

Ndinkapalasa njinga, kugona kwa achibale, m'mawa kulowa m'madambo. Ndinene mosabisa, ntchitoyo inkandinyansa. Gulugufe sadikira munthu. Ukayandikira wauluka, ukathamangira walowa m'tsekera, iwe watsala ndi matope mpaka m'maondo. Ndinabwera ndi mafoto a oyera, achikasu, ena a madontho ngati nkhanga. Amayi ankayang'ana nthawi yaitali, kenako ankandibwezera telefoni.

"Awa ndi a kuseri kwa khola lathu. Unapita ku Domwe kapena unagona panjira?"

Ndinkatukwana chamumtima n'kubwereranso. Pang'onopang'ono ndinawazolowera. M'mawa kukamazizira amakhala aulesi, amatambasula mapiko kuothera dzuwa. Chithunzithunzi chako chikawagwera, basi apita. Ndinaphunzira kukwawa chafufumimba, dzuwa lili kumaso, telefoni patsogolo, nyerere zikundiluma pamimba koma osadzikanda.

Akudawo ndinali nditawadutsa kangapo osawazindikira. Akatera pamatope amapinda mapiko, amangooneka ngati masamba opserera. Mzere uja uli m'kati. Ndinauona tsiku limene ndinaponda pafupi ndi kasupe wina, m'mphepete mwa munda watsopano, gulu lonse n'kudzuka nthawi imodzi. Kubiriwira kunangoti ng'ani ng'ani pakati pa mitengo. Ndinagona pansi, ndinadikira mpaka anabwerera, ndinajambula mpaka bateriya inatha.

Mwini mundawo, bambo wachikulire, anandipeza ndili chigonere. Nkhwangwa inali paphewa.

"Mwataya chiyani m'matopemo, achimwene?"

"Nzeru, abambo. Mitengo yotsalayi mudula liti?"

"Mvula ikangokata."

Mafotowo anatuluka oipa. Telefoni yanga yopusayo inasiya agulugufe, inakagwira zakumbuyo. Mapiko anangokhala utsi wakuda. Ndinawapatsa amayi ndili wokonzeka kukangana nawo.

Agulugufewo sanawalabadire. Anayandikitsa telefoni kumaso.

"Takulitsa apa."

Ndinakulitsa. Unali mwala waukulu wong'ambika pakati, mtengo wa kachere utamera mumng'alumo.

"Kamtengoka kanali kofika m'chiuno," anatero. "Ndinakhala pamwala uwu, atate ako akukumba. Mwanayo ndinali ndisanamumasule kumbuyo."

Ndinafuna kunena kuti miyala yong'ambika ndi yambiri kwathu kuno ku Angónia. Pakamwa panga nthawi zambiri sipachedwa, koma tsiku limenelo panachedwa.

Tinakwera shapa, kaminibasi ka kwathu kuno, kotsalako ndinawakankha panjinga yobwereka, iwo akudandaula kuti ndikusankha dala mabampu. Bambo uja tinamupeza akunola nkhwangwa. Amayi anamupatsa moni mwaulemu, anafotokoza zonse osalira. Iye anavula chipewa.

"Ifenso tinadutsa njira yomweyi, mayi. Athu ena sitidziwa pamene ali." Anayang'ana kasupe, anayang'ana mwala. "Ndi mbali iti?"

Amayi analoza kumunsi kwa kachere. Panalibe chulu, panalibe chizindikiro, udzu wokha ndi dothi lonyowa. Bamboyo anatenga khasu, analemba mzere kuzungulira mwala, kasupe ndi misuku ingapo.

"M'katimu simulowa nkhwangwa ine ndili moyo. Za ana anga sindingalumbire."

Amayi anakhala pamwalapo, miyendo yotupa ija itatambalala. Anatchula dzina la mchemwali wanga, limene ndinali ndisanalimvepo, ngati akuitana mwana amene wachedwa kuchitsime. Dzuwa litakwera, agulugufe anayamba kutsika mmodzimmodzi, kutera pamatope, kupinda mapiko. Mmodzi anatambasula.

"Ndi amenewa," anatero amayi. "Jambula bwino ulendo uno, iwe. Zija unabweretsa zinali zamanyazi."

Ndinagona chafufumimba m'matope, ndinayamba kukwawa.