Mayi Wogona M'galimoto

Inu amene mukuona ngati moyo wakukanani, imvani za Atuweni.

M'mawa wina wa Disembala 2017, Atuweni anadzidzimuka ndi chisanu m'galimoto yogonamo, kunja kwa mzinda wa Leicester, ku Ulaya. Gasi wotenthetsera anali atatha, madzi ataundana m'mipope. Anati adzuke, msana unakana, ndiye anachita kukwawa mpaka pakhomo. Panja panali dziwe lotuwa ndi makalavani okhomedwa, timanyumba tokokedwa ndi galimoto tija, eni ake ali m'nyumba zawo zofunda.

Chaka chimenecho chikuyamba, mayiyu anali ndi ntchito, banja ndi nyumba ku Beaumont Leys, mumzinda womwewo. Ankagwira ntchito yosamalira okalamba. Tsiku lina akutulutsa gogo wina m'bafa, anamva kumsana kuti thobo! Madokotala anati asadzanyamulenso munthu, ndipo ntchito inathera pomwepo. Mwamuna wake, Henderson, anapirira miyezi yowerengeka, kenaka anapeza mkazi wina. Nyumba inali m'dzina la mwamunayo. Khoti linagamula kuti mwana wawo wamkazi, Chiku, akhale kwa bambo ake mpaka mayi atapeza pokhala.

Anzake a kutchalitchi anamugoneka pabalaza mosinthana, mpaka mafoni awo anayamba kungoitana osayankhidwa.

Amene anazindikira vuto lake ndi mayi Najmunisa, Mmwenye wobadwira ku Limbe, mwini golosale ina ku Highfields komwe Atuweni ankagula ufa.

"Mwanawe, zovala ndi zomwe zija za dzana. Ukugona kuti?" anafunsa mayiwo.

Atuweni anangogwetsa misozi.

"Amuna anga, a Yakub, anagula galimoto yogonamo kuti tikapuma pantchito tizizungulira dziko. Anamwalira tisanapite kulikonse. Yangokhala pakhomo ku Evington, ndikaiona mtima umawawa. Itenge."

M'galimotomo munali bedi, kasitovu ndi kasinki. Atuweni anapeza malo oimikapo makalavani, m'mbali mwa madziwe amene kale ankakumbamo miyala. Mwini malowo, mzungu wokalamba, anamulola kuima pakona, iye azitsuka zimbudzi ndi mabafa.

Ndi mmene anapezekera akukwawa m'mawa uja. Ali pansi pomwepo, anaimbira mwana wake.

"Chiku mwananga, ubwera patchuthi? Ndakukonzera pogona."

Mwanayo anayankha m'Chingerezi, monga amachitira ana obadwira kuno: "Amayi, musamandiimbire ndili ndi anzanga. Sindikufuna adziwe kuti mumagona m'galimoto."

Foni inadulidwa.

Atuweni anadzikoka mpaka m'mphepete mwa dziwe. Anaima pamenepo nthawi yaitali akuyang'ana madzi, ndipo zimene ankaganiza mukuzidziwa. Kwawo ku Chiradzulu abale ankati akudyerera ku Ulaya. Kuno kunalibe woti n'kumufunafuna.

Kenaka anadziuza yekha: "Ndikalowa m'madzimu, Chiku adzakula akudziwa kuti mayi ake anathera m'galimoto."

Anatembenuka, natenga ndowa ndi burashi, ulendo wa kuzimbudzi.

Musaganize kuti zinthu zinasintha tsiku limenelo. Chisanu chinatalika. Kukhonsolo anamuuza kuti adikire, ofuna nyumba ndi ambiri. Kulikonse komwe ankafunsira ntchito, akangomva za msana, ankati adzamuimbira. Ankatsuka zimbudzi atagwada, kudzuka chogwira khoma. Masiku ena ankatha osayankhula ndi munthu aliyense.

Komabe anayamba kuphunzira ntchito za pamalopo. Anadziwa kulumikiza magetsi kumakalavani, kuyendetsa thirakitala yotchetchera udzu, ndi kuyankha foni ya ofuna kubuka malo.

Kutafunda, alendo anayamba kufika, koma malo ambiri ankangokhala, ndipo Atuweni sanaonepo munthu wa kwawo ngakhale mmodzi. Anapita kutchalitchi kuja kukaitana anthu. Anamuseka.

"Tizikalipira kugona panja ngati tili pamaliro? Za azungu zimenezo," anatero mayi wina.

Amene anabwera ndi mayi Najmunisa, ndi ana awo ndi zidzukulu. Atuweni anawapatulira malo awoawo ootcherapo nyama ya halala, yololedwa kwa Asilamu, ndi kachipinda kaukhondo kopempherera. Banja lija linauza mabanja ena. Pambuyo pake anamwino otopa ndi mashifiti anayamba kubwera, ena mwa iwo omwe aja anaseka. Mwini malo anamulemba ntchito yeniyeni.

Chiku sanabwerebe. Atuweni anabwerera kukhoti, ndipo yankho linali lakuti galimoto si nyumba yolereramo mwana. Chisanu china chinamupeza momwemo. Mwana wake anasiya pulayimale n'kuyamba sekondale iye akungoona pazithunzi za pafoni.

Kenaka kunabwera mvula ya Novembala 2019. Inagwa osalekeza mpaka mtsinje unasefukira, madziwe onse n'kukhala nyanja imodzi. Tsiku lonse Atuweni anali pathirakitala, kukokera makalavani a anthu kumtunda, msana ukuyaka ngati moto. Galimoto yake anati aichotsa pomaliza. Pamene ankafika pakona paja, madzi anali atafika m'mawindo. Zovala, zofunda, kadiresi kamene Chiku anavala pobatizidwa, zonse zinali m'matope.

Anakhala pansi, mvula ikumukhuthukira, naimbira mayi Najmunisa.

"Mayi, ndikhululukireni. Galimoto ya a Yakub yamira."

"Nanga iweyo uli moyo?"

"Ndili moyo, koma ndabwerera pomwe ndinayambira."

"Iyayi mwanawe. Chamira ndi chitsulo. Bwera udzagone kuno."

Madzi ataphwa, Atuweni anabwereranso kukakolopa matope m'mabafa, osadziwa kuti mawa agona kuti. Mwini malo uja anamupeza atagwada, namuyang'ana nthawi ndithu.

"Ine maondo atha, ndikupita kukakhala kwa mwana wanga," anatero. "Malo ano akufunika woyang'anira wokhala pompano. Nyumba ya pageti ija ndi yako."

Inali nyumba ya njerwa, ya zipinda ziwiri, yokhala pamtunda.

Khoti linalola kuti Chiku azibwera kumapeto kwa sabata. Ulendo woyamba anafika atatalika kuposa mayi ake. Sanawakumbatire. Anangokhala pampando maso ali pafoni, chakudya n'kungochilawa. Atuweni anazindikira kuti zaka zimene zinapita sizidzabweranso.

Pomuperekeza kukakwera basi, mtsikanayo anaima, nafunafuna mawu m'Chichewa chake chopunduka.

"Amayi... ndibwerenso Loweruka?"

Atuweni anagwedeza mutu movomera.

Sindikunamizani. Msana wake sunachire, banja lake silinabwerere, ndipo ena mwa amene anamutsekera zitseko sanapepese. Koma akanalowa m'dziwe m'mawa uja, funso la mwana wake likanasowa wolimva.

Mwina inunso mwaima m'mphepete mwa madzi anu, ndipo palibe akukuonani. Tembenukani. Uzani munthu mmodzi zimene zikukuchitikirani, gwirani kantchito kamene kali pafupi ndi dzanja lanu, ngakhale n'konyozeka. Mawa mudzukenso, ngakhale mochita kukwawa. Osataya mtima.