Nyanja Yapansalu

Fungo la polishi ya nsapato limandibwezera ku Kawale, chilimwe chimene ndinali mu Sitandade 3. Ababa anali atasiya kuyendetsa thiraki yopita ku Beira. Ankangokhala pakhonde akutsokomola, uku akupukuta nsapato zomwe sankapita nazonso kulikonse.

Pabalaza pathu panali chithunzi chawo ali ku Beira, kupaki ina yakale m'mphepete mwa nyanja yamchere, atatsamira mzinga wadzimbiri wa Apwitikizi, masaya ali odzaza. Chithunzicho chinandilowa m'mutu. Ndinawakakamira ngati nkhupakupa kuti adzanditengere kumeneko. Amayi ankandidzudzula ndi maso, koma ine ndinali mwana wosamva za maso.

Loweruka lina ababa anandiitana. "Kasambe, tikupita kunyanja."

Kunali dzuwa la Okutobala, lija lotentha mpaka nkhuku kuyasamula kukamwa. Koma ababa anavala malaya awiri, juzi pamwamba pake, kenaka jekete. Ndinaseka mpaka kugwira m'mimba. Amayi sanaseke, anangowakonzera kolala.

Minibasi inatitsitsa m'tauni, ndipo tinayenda pang'onopang'ono mpaka kupaki ina yakale pafupi ndi mtsinje. Udzu unali wouma, mabenchi a simenti atang'aluka, katungwe atangotsala maunyolo. Nyenje zinkalira mogonthetsa m'khutu, maluwa a jakaranda ali mbwee pansi. Pamtengo wina wojambula zithunzi anali atapachika chinsalu chopakidwa penti: madzi abuluu, sitima yoyera ndi mtengo wa kokonati wopendama.

"Nyanja yako ndi imeneyo," anatero ababa.

Zinandiwawa kwambiri. Ndinatupa masaya, osafuna ngakhale kuyang'ana kamera. Iwo anandikhazika pamiyendo pawo, ndipo ndinamva fupa la bondo likundibaya.

Masiku amenewo chithunzi sichinkatuluka pompo. Wojambulayo anati filimu wangoiika kumene, akaitsukitsa ikadzaza, ndipo adzatibweretsera yekha panjinga. Ababa anamugwira dzanja nthawi yaitali.

"Achimwene, chonde musachedwe nacho. Ndikufuna ndichione."

Kuyambira tsiku limenelo, belu la njinga likangolira mumsewu, ankandituma kukasuzumira. Amakhala wogulitsa usipa, kapena wamakala. Mvula yoyamba inagwa, fumbi linanunkhira, ife ana tinathamangitsa inswa. Ababa anachoka pakhonde n'kukagona pamphasa kuchipinda, koma belu ankalimvabe. Ine ndinayamba kutopa nako kutumidwa.

Wojambulayo anafika chimanga chakuseri kwa nyumba chili m'mawondo, atanyowa ndi mvula, chithunzi atachikulunga mujumbo. Amayi anawadzutsa ababa n'kuwatsamiritsa kukhoma. Ababa anachiyandikiza kumaso, nachiyang'ana osaphethira.

"Ndaoneka wonenepa, eti?"

"Kwambiri," anayankha amayi, kenaka anatuluka panja ngati pali chimene aiwala pamoto.

Chimanga chija ababa sanadye nawo.

Chithunzicho ndili nachobe. Ine ndikuoneka nditatupa masaya, ndipo chakumanzere, pomwe nsalu inathera, pakuoneka udzu wouma wa Lilongwe. Kwa zaka zambiri ndikachiyang'ana ndinkangoona nyanja yabodza imene anandipusitsa nayo. Lero ndimaona makolala awiri, juzi, jekete, ndi thukuta lili pamphumi pa munthu amene anapsa ndi dzuwa tsiku lonse kuti mwana wake azidzamukumbukira ali ndi thupi.