Nkhope Ina Pampando wa Woyendetsa Chombo

Adzukulu anga akuti magawo akale a filimu ya chombo cha m'mlengalenga ndi obowa, abwino ndi atsopano a pafoni. Zimandipsetsa mtima. Dzulo, pofuna kuwatsutsa, ndinatsegula sutikesi yomwe ndimasungamo pepala lililonse, n'kutulutsa chikuto cha tepi ya vidiyo. Fungo lake la nkhungu linandibwezera ku Lirangwe.

Bambo atamwalira, ang'ono awo analowa m'nyumba mwathu monga mwa mwambo. Mkulu wanga sankawayankhula. Pofuna kutinyengerera, bambo aang'onowo anatitengera ku vidiyo, m'kachipinda konunkha thukuta ndi asidi wa batire, kukaonera filimu ya chombo ija, yomwe tinkaikonda ndi malemu bambo.

Koma tsiku limenelo woyendetsa chombo anali wina. Dzina linali lomwelo, mpando womwewo, nkhope yokha ndiyo inasintha. Anthu anagawikana, ena kuwomba m'manja, ena kukuwa kuti aike tepi yakale.

"Uyu ndiye katswiri," anatero bambo aang'ono. "Wakale uja anatopa, eti ana inu?"

"Si iyeyo," mkulu wanga anayankha. "Wangokhalira mpando wa mwini."

"Ndi filimu chabe, mwanawe. Khala pansi."

"Sindine mwana wanu. Ndikukwera sitima, sindibweranso." Anandiyang'ana. "Tiye."

Potuluka, mkulu wanga anakankha chiguduli cha pakhomo, dzuwa n'kufufuta chithunzi chonse. Ndinafuna kudzuka, koma dzanja la bambo aang'ono linali paphewa panga, lolemera, lofunda ngati la bambo. Chiguduli chinabwerera. Mumdimamo woyendetsa watsopanoyo ankamwetulira, ndipo ine ndinangokhala.