Chingwe cha a Hezekiya

Mwera unali utawomba masiku atatu osapuma, ndipo m'mawa wa Lachinayi lina la mu Julaye 1986 panalibe bwato limene linalowa m'madzi. Cha m'ma 8 koloko mudzi wonse unali utasonkhana pakhomo la sukulu kudzaona a Hezekiya, wosesa m'tchalitchi mwathu, akuyeza mtunda ndi chingwe. Funso linali limodzi: kodi nyumba yodyeramo ya mkamwini wawo inali kutali mokwanira ndi sukulu kuti iloledwe kugulitsa mowa? Amene anaona za tsiku limenelo akutha, n'chifukwa chake n'koyenera kuti mbiri ya mkuluyu ilembedwe.

A Hezekiya anabadwira m'mbali mwa nyanja, kufupi ndi Lunho, cha m'ma 1921. Atate awo anapita ku migodi ya ku Joni osabwerako, choncho analeredwa ndi amalume awo, amene ankapota zingwe za khonje zokokera makoka. Sukulu anangoilawa zaka ziwiri. Kuwerenga kunkawavuta moyo wawo wonse, koma Masalimo ambiri ankawanena pamtima. Anabatizidwa ali ndi zaka khumi ndi zinayi, ndipo kuyambira pamenepo sanasiyane ndi tsache la m'tchalitchi.

Anakwatira mayi Teodora, nabereka ana asanu. Anayi anawaika m'manda ali aang'ono, kenaka anaikanso mayiwo. Anatsala ndi mwana mmodzi, Yuniya, amene anamuphunzitsa kupota khonje ndi kukulunga chingwe monga akadaphunzitsira mwana wamwamuna. Zaka zimene boma linatseka tchalitchi, iwo ankasesabe pabwalo pake Loweruka lililonse. Akafunsidwa chifukwa, ankati, "Mwini nyumba sanasamuke." Asodzi ankagula zingwe zawo osayeza, pakuti ankadziwa mawu awo akuti, "Chingwe chonama chimamiza mwini bwato."

Nkhondo itafika kuno, msewu unatsekeka, ndipo anthu a kumtunda anatsikira kunyanja ndi ana awo. Sukulu inadzaza. Mudzi unkalondedwa ndi amilisiya, anyamata a mfuti osalandira malipiro, ndipo mkulu wawo anali Xavier, mwamuna wa Yuniya. Banjali linali ndi nyumba yodyeramo kumunsi kwa sukulu, yogulitsa chinangwa chophika ndi usipa, koma kuseri kwake ankamwerako kachasu. Tsiku lina masana, mmodzi wa anyamatawo ataledzera anawombera m'mwamba. Ana anaganiza kuti zigawenga zafika, nadumphira pamazenera kuthawira kutchire. Ambiri anabwerera madzulo. Mtsikana wina wa anthu othawa kwawo sanapezeke mpaka lero.

Kuboma kunachokera lamulo lakuti mowa usagulitsidwe pasanathe mamita mazana awiri kuchokera pakhomo la sukulu. Xavier anapempha chilolezo, nati nyumba yake ili kunja kwa malirewo. Choyezera cha boma kunalibe. A Abeid, mlembi wa mudzi amene tinkawatcha sekeretariyu, Msilamu wodekha, anati, "Tiyeze ndi chingwe cha a Hezekiya, pakuti palibe amene angachitsutse." Mphunzitsi anachiyeza ndi rula ya m'kalasi napeza mamita makumi awiri, amene kwa mwini wake anali mikwamba khumi ndi umodzi poyeza ndi manja otambasula. Anagwirizana kuti chikagona pansi kakhumi chisanakhudze nyumbayo, chilolezo chiperekedwe.

Kutatsala tsiku limodzi kuti ayeze, Xavier anafika kwa a Hezekiya, nakhala chapatali monga mwa ulemu wa mkamwini.

"Apongozi, anyamata anga akapanda kumwa pano adzapita kukamwa kutali, mudzi udzatsala wopanda mlonda. Komanso adzukulu anu amadya za m'nyumba imeneyo."

"Ndamva, bambo," anayankha a Hezekiya. "Chingwe chidzanena chokha."

M'mawa wa Lachinayi lija, atangochinyamula paphewa, a Hezekiya anamva kuti chalemera. Kunja chinali chouma, chopakidwa mchenga, koma atachifinya mkati munali mozizira. Khonje likamwa madzi limafupika, ndipo chingwe chachifupi chimatalikitsa njira. Anaonanso mmene chinakulungidwira, mfundo yake yobwerera kumanzere. M'mudzi monse anthu omanga mfundo yotero anali awiri okha, iwo ndi mwana amene anamuphunzitsa.

Anayamba kuyeza akupemphera chamumtima. Anthu ankawerenga pamodzi, amilisiya ataima m'mbali mwa njira ndi mfuti zawo. Chingwe chinagona kakhumi, ndipo panatsala mapazi angapo kuti chifike pakhonde pamene Yuniya anaima ndi mwana kumsana. Amilisiya anaseka. A Abeid anatulutsa chidindo m'thumba.

"Taimani, a sekeretariyu," anatero a Hezekiya.

Anagwira nsonga ya chingwe, natambasula manja, nayamba kuwerenga mikwamba pachifuwa pawo. Anafika pa khumi, ndipo m'manja munatsala kachidutswa kosakwana mkono.

"Chingwe ichi chanyowa. Chiyanikidwe, tiyezenso."

Xavier anayandikira mpaka mthunzi wake unagwera pamapazi pawo.

"Apongozi, manja anu atalika liti?"

"Ndi omwewa, bambo, amene munawapatsa moni podzafunsira mbeta."

Wina anaseka, nadziletsa msanga. Xavier anatembenukira kwa anthu, naitana a Abeid monga ankaitanirana a chipani.

"Kamarada sekeretariyu, munthu amene akulimbana ndi oteteza mudzi, ali mbali iti?"

Aliyense ankadziwa kulemera kwa funso limenelo. M'zaka zimenezo munthu wonenedwa kuti ali mbali ya zigawenga ankakwezedwa kumtunda, ndipo ambiri sankabwerako. Koma a Hezekiya chingwe sanachisiye. A Abeid anabweza chidindo m'thumba pang'onopang'ono.

"Akulu, anachinyowetsa ndani?"

A Hezekiya sanayang'ane kukhonde. "Munandituma kuyeza mtunda, a Abeid. Simunanditume kuyeza anthu."

Chingwe chinayanikidwa pabwalo la sukulu, ndipo iwo anakhala pambali pake padzuwa, osadya, mpaka cha m'ma 3 koloko. Atayezanso, chinagona kasanu ndi kanayi ndi theka, n'kukhudza khonde. Chilolezo chinakanidwa. Xavier anakwatula chingwecho m'manja mwawo napita nacho.

Kumtunda sanawatengere, pakuti a Abeid anakana kulemba kalata. Koma zimene zinatsatira zinawapweteka koposa. Asodzi anachita mantha kugula zingwe zawo. Adzukulu analetsedwa kupita kwa agogo awo. Yuniya akakumana nawo panjira ankapatukira kumunda. Kwa zaka zisanu anadya okha, nthawi zina masamba a chinangwa opanda mchere, ndipo palibe amene anawamva akudandaula kapena kutchula dzina la munthu. Pamene zigawenga zinawotcha makoka ndi mabwato mu 1988, anthu ambiri n'kuwolokera ku Likoma, iwo anatsala, nabwerera kuchokera kutchire kumene anabisala kudzasesa phulusa pabwalo la tchalitchi. Nyumba yodyeramo inapitiriza kugulitsa chinangwa ndi usipa. Ana otsala ankaphunzira osamva mfuti pazenera.

Mu Okutobala 1991 anagona ndi chifuwa. Tsiku lachitatu Yuniya analowa m'nyumba atanyamula phala, nagwada pafupi ndi mphasa.

"Atate, chingwe chija ndinachiviika m'nyanja ndine."

"Ndinadziwa, mwananga. Unamanga mfundo yanga."

"Nanga bwanji simunanene?"

"Ndikadanena, ukadalowa bwanji pakhomo pano lero? Bwera nalo phalalo lisanazizire."

Anawadwazika sabata ziwiri. Anamwalira Lamulungu m'mawa, mpingo ukuimba pabwalo limene iwo anasesa, mutu wawo uli pamiyendo pa mwana wawo.

Chitsanzo chimene anatisiyira sichifuna mawu ambiri: ananena zoona pamene zoonazo zinawadyera zonse, ndipo anatseka pakamwa pamene kulankhula kukadamutaya mwana wawo.

Kumanda kunabuka vuto. Bokosi linali litafika, koma chingwe chotsitsira chinasowa, pakuti zonse zinapsa ndi makoka, ndipo wopota anali yemweyo wagona m'bokosimo. Adzukulu okumba manda anayamba kukambirana zong'amba zitenje. Pamenepo anthu a kumbuyo anapatuka, ndipo Xavier anadutsa pakati pawo, wopanda mfuti, chingwe chili paphewa. Anaima pamphepete pa dzenje, natambasula manja, nawerenga mikwamba pachifuwa pake pamaso pa onse. Inakwana khumi ndi umodzi. Anachiika pabokosi la apongozi ake, nayang'ana mkazi wake kamodzi, kenaka anatembenuka n'kutsika njira ya kusukulu.